Thewera la Duwa ndi Pikapu Yobala Oyilo

Tsiku limene Zuleika anabwerera kwa amayi ake ku Nkholongue, katundu wake yense anakwana mu kapulana imodzi, chitenje chake chomwecho. Kumbuyo anabereka Duwa, khanda la miyezi isanu. Mwamuna wake anali atapita ku Nampula kukasaka ntchito, ndipo chimene chinabwerako ndi uthenga wa pafoni wakuti wapeza wina, asamudikire. Sukulu Zuleika anali ataisiyira mu sexta, kalasi yachisanu ndi chimodzi.

Anzanga amene mukuwerenga, makamaka inu amene sukulu inakuthawani panjira ngati ine, khalani bwino. M'nkhani muno mulibe mngelo wotsika kumwamba. Muli nsanza, oyilo ndi mphuno ya mayi.

Zuleika analira sabata yathunthu. Litakwana Lolemba linalo, amayi ake anamuyang'ana nati, "Walira zakwana. Mwanayu akufuna sopo."

Anapita ku Metangula, nalowa khomo ndi khomo. Kumsika anamuuza kuti ogulitsa usipa achuluka kuposa usipawo. Kumalo odyera anati safuna munthu wa mwana kumsana. Dzuwa lili paliwombo anafika pa ofisina, galaja ya a Belmiro, pomwe magalimoto odwala ankagona pansi pa mtengo wa mango. A Belmiro anali mesitiri wamkulu, amene anaphunzira umakaniko ku Malawi pa nthawi ya nkhondo, nabwerako ndi bokosi la masipanala ndi pakamwa posasunga mawu.

"Ukudziwa chiyani?" anamufunsa.

"Kuchapa."

"Basi?"

"Ndi kumvetsera, mesitiri."

A Belmiro anaseka mpaka kutsokomola. Anamupatsa ntchito yochapa nsanza, kusesa, ndi kutsuka mabawuti ndi zitsulo mu dizilo. Lamulo linali limodzi: "Sipanala usagwire. Imeneyo si chipande."

Sipanala sanagwiredi. Koma nsanza iliyonse ya pa ofisinapo inkadutsa m'manja mwake.

Mayi aliyense akudziwa zimene ndinene apa. Khanda silinena kuti m'mimba mukupota. Umatsegula thewera, n'kuyang'ana mtundu, n'kununkhiza, ndipo umadziwa ngati ukagone kapena uthamangire kuchipatala. Zuleika anaona kuti galimoto nayonso sinena, koma imasiya zake pansanza. Oyilo wa mu injini ya dizilo ndi wakuda bii. Wa mu giyabokosi ya otomatiki, ija ya magalimoto osintha magiya okha, ndi wofiira psuu akakhala wamoyo. Akapsa amada ngati tiyi wopanda mkaka, n'kumanunkha ngati mpunga wopserera. Akakhala ndi tizitsulo tonyezimira, ndiye kuti m'kati muli zimene zikudyana.

Tsiku lina anamva a Belmiro akufotokozera dalaivala wina za konveta, chitsulo chozungulira chokhala ngati mphika wotsekeka, chimene chimakhala pakati pa injini ndi giyabokosi.

"Mmenemu mulibe chogwirana," anatero. "Injini imatakasa oyilo, oyilo n'kukankha mapiko a mbali inayo. Mu otomatiki, chokoka galimoto ndi oyilo."

Mawu amenewo Zuleika anawamangirira pa nsonga ya kapulana. Anatenga matewera akale a Duwa, oyera bwino, nawadula tizidutswa. Galimoto ya otomatiki ikabwera, ankadontheza oyilo wake pa kadutswa kamodzi, n'kulembapo ndi bolopeni nambala ya galimotoyo, mwezi, ndi dandaulo la mwini wake. Kulemba kwake kunali kokhotakhota, koma ankakuwerenga yekha. Tizidutswato ankatisunga m'chitini cha mkaka. Madalaivala ankamuseka.

"Mana, mlongo wathu, kodi mukukonza mankhwala achikondi?"

"Eya, ndikufuna galimoto yanuyi indikonde, poti inuyo yatopa nanu," ankayankha.

Zaka ziwiri zinatha choncho. Duwa anayamba kuyenda, kenako kuthamanga, ndipo chitini chinadzaza.

Ndiyeno kunabwera a Chabane.

A Chabane anali wogula nsomba wa ku Meluluca, munthu wa mimba yaikulu ndi mawu omveka kutsidya. Anali ndi pikapu yoyera ya dizilo, ya otomatiki, imene ankaikonda kuposa bedi lawo. M'mawa uliwonse ankaidzaza chambo ndi kampango, n'kukwera nayo phiri la ku Maniamba kupita ku Lichinga nsomba zisanafewe.

M'mwezi wa Malichi, mvula ili m'kati, anabwera akudandaula. Pachitunda galimoto inkanjenjemera ngati ya malungo. Injini inkalira kwambiri, koma matayala ankayenda ngati akupempha chilolezo. A Belmiro anaiyendetsa, naimva, nati konveta yatha. Pokhetsa oyilo anaona kuti wayererako pang'ono.

"Mwawoloka mtsinje?"

"Kawiri sabata yatha."

"Ndi zimenezo. Madzi analowa pamenepo."

Anaitanitsa konveta ina ku Lichinga, naimanga, nathira oyilo watsopano. Zuleika anatsuka mbale ya pansi pa giyabokosi mu dizilo monga mwa masiku onse, nadontheza oyilo wakaleyo pa kadutswa kake. Chinachake chinkamukayikitsa. Oyiloyo anali ndi kafungo kachilendo, osati ka madzi a mtsinje. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma anakumbukira kuti iye ndi wochapa nsanza. Anatseka.

Sipanathe miyezi itatu. Mu Juni, mwera ukuwomba, mitsinje itaphwa, pikapu ija inabweranso ikunjenjemera kuposa kale. Nsomba zinali zitavundira panjira, ntchentche zikuiperekeza ngati mkwatibwi. A Chabane anatsika asanazimitse n'komwe injini.

"Mesitiri! Munandimangira konveta kapena chigayo?"

A Belmiro anasolola kandodo koyezera oyilo wa giyabokosi. Onse anangoti kukamwa yasa. Oyiloyo anali ngati mkaka wothira zakumwa zofiira, wathovu, ndipo anali atakwera kupitirira mzere wake.

"Madzi," anatero a Belmiro motsitsa mawu.

"Madzi? Mtsinje uti? Kunja kuli fumbi lokhalokha!" A Chabane anazungulira ndi maso, ndipo anaona Zuleika atagwada pa beseni la nsanza, manja ali thovu. "Si uyu? Tsiku lija ndinamuona ndi maso angawa akutsuka mbale ya galimoto yanga, ndowa ya madzi ili pambali. Mwandiikira wochapa matewera pa giyabokosi! Achoke lero lomwe. Apo ayi ndikauza dalaivala aliyense kuyambira ku Meluluca mpaka ku Lichinga kuti pano amathira madzi m'magalimoto."

A Belmiro sanamuyang'ane Zuleika. Anakanda m'mutu, nati, "Mwana wanga, tenga Duwa uzipita. Dzina la ofisina ndilo limatidyetsa tonse."

Apa ndi pamene ambiri a ife timanyamula mwana, n'kumalira m'njira, n'kukafotokozera amayi kunyumba kuti atinamizira. Zuleika anadzuka pa beseni paja. Anaganiza za khomo ndi khomo lija, ndi za kubwereranso ku Nkholongue ndi kapulana imodzi. Anapukuta manja, natenga chitini chake.

"Mesitiri, ndichoka. Koma ndiloleni ndifunse bambowa mafunso atatu."

"Funsa msanga."

Anasanthula m'chitini, natulutsa kadutswa kolembedwa nambala ya pikapuyo ndi mwezi wa Malichi. "Uyu ndi oyilo amene munakhetsa ine ndisanakhudze mbale. Onani m'mbali mwa dontholi. Madzi analimo kale." Kenako anatembenukira kwa a Chabane. "Bambo, kodi galimotoyi imamwa madzi?"

"Galimoto iliyonse imamwa madzi. M'mawa uliwonse ndimatunga m'nyanja, n'kuthira botolo limodzi mu rediyeta. Ndimaisamala ine."

"Pansi imadontha?"

"Olo dontho. Pamene yagona pamakhala gwa."

"Nanga oyilo wa giyabokosi mumawonjezera?"

A Chabane anatukula chifuwa, mkwiyo utayamba kusanduka matamo. "Kuwonjezera? Funsani anthu kudoko. Magalimoto a anzanga amadya oyilo. Yangayi imabala! Sabata iliyonse ndikayeza ndimapeza wakwera."

A Belmiro anatukula mutu pang'onopang'ono.

"Botolo limodzi tsiku lililonse, pansi posadontha," anatero Zuleika. "Mwana akamamwa koma thewera lili louma, timafunsa kuti madziwo akupita kuti."

Anadikira injini izizire. Anatenga thewera lathunthu, loyera, natsegula chivundikiro cha rediyeta, naviikamo nsonga. Inatuluka ndi mafuta ofiirira, oterera, onga phala. Anali ataona kambirimbiri, potsuka zitsulo, kuti pa magalimoto amenewa timapaipi tiwiri timachoka ku giyabokosi kulowa mu rediyeta, kuti oyilo akazizire m'kati mwa madzi osakhudzana nawo.

"Kampopi ka m'katimo kabowoka," anatero. "Madzi akupita ku giyabokosi, oyilo akubwera kuno. Mukamanga konveta ina, nayonso imwa madzi omwewa."

"Kakuonekera pati kampopiko? Uli ndi maso olowa m'chitsulo?" anakuwa a Chabane.

"Mesitiri, chubu cha njinga chikaphulika bowo lake timalipeza bwanji?"

"Timachipopa, n'kuchiviika m'madzi," anatero a Belmiro. Kenako anatsegula bokosi lawo lija la ku Malawi, nasankha sipanala, naigwira kunsonga, namulozetsa chogwirira.

"Masula wekha. Kumanzere."

Manja amene anachapa nsanza zaka ziwiri anamasula timapaipi tonse tiwiri. Zuleika anadzaza rediyeta ndi madzi mpaka pakhosi. A Belmiro anatseka kabowo kamodzi ndi chala, iye nalumikiza pampu ya njinga ku kenako, nayamba kupopa. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu.

Bwu! Bwu-bwu-bwu! Thovu linatumphuka pakhosi pa rediyeta ngati chubu choviikidwa m'beseni.

Madalaivala amene anasonkhana anaphulika ndi phwete. Wina anafuula kuti, "A Chabane, mwana wa galimoto yanu uja ndi ameneyu! Tim'patse dzina?" Duwa, osadziwa chimene chikusekedwa, ankawomba m'manja.

A Chabane anavula chipewa, nachivalanso, nachivulanso. Anali munthu waphokoso, koma sanali wouma mtima.

"Mama, ndakulakwirani," anatero. "Pakamwa panga pamathamanga kuposa galimoto yangayi."

"Kumeneko ndiye sikovuta, bambo, poti galimotoyo sikuyenda," anayankha Zuleika, ndipo ngakhale a Chabane anaseka.

A Belmiro anamukokera pambali. "Unakayikira kuyambira mu Malichi?"

"Inde, mesitiri."

"Bwanji sunanene?"

"Munati ndisagwire sipanala."

"Ndinati sipanala. Sindinati lilime." Kenako anawonjezera kuti, "Komabe cholakwa ndi changa. Ndinachiza chimene chinkalira, osafunsa chimene chinkachiliza. Mawa ubwere ndi nsapato zotseka."

Musaganize kuti zinathera pa kuwomba m'manja. Madzi anali atawononga kale timbale ta m'kati mwa giyabokosi, moti anaitsitsa ndi kuiphwasula. Masiku anayi Zuleika anakhala pa mkeka ndi a Belmiro, akuyala tizitsulo m'ndondomeko yake, akulakwitsa, akukalipiridwa, akuyambiranso. Anasintha rediyeta. Anatsuka konveta ndi mapaipi ndi oyilo watsopano katatu, mpaka thewera linaonetsa kufiira koyera.

Tsiku loyesa galimoto, a Chabane anakana kunyamuka popanda Zuleika. Mtsikanayo anakhala kutsogolo, Duwa ali pamiyendo, khutu lili tcheru. Pikapu inayamba phiri la ku Maniamba itasenza nsomba. Inasintha giya yachiwiri, yachitatu, mosalala ngati bwato pamadzi odekha. Pachitunda paja inkanjenjemera, inangodutsa. A Chabane analiza hutala mpaka mbuzi zinabalalika.

Lero mukafika pa ofisina ija mudzapeza mayi wovala ovolosi, kapulana atamanga pamwamba pake. Magalimoto a otomatiki amachokera kutali kumufunafuna, ndipo madalaivala safunsa dzina, amangoti, "Ali kuti mayi wa thewera?" Asanamasule bawuti iliyonse amayamba ndi zomwe zija: kuona oyilo, kununkhiza, kusuzumira mu rediyeta, ndi kufunsa mwini galimoto zimene amaichita m'mawa. Akuti theka la matenda a galimoto limatuluka m'kamwa mwa mwini wake. Duwa ali pasukulu, ndipo madzulo awiriwo amakhalira buku limodzi, chifukwa Zuleika akufuna aziwerenga yekha mabuku a magiyabokosi.

Tsono iwe mnzanga amene wakhala pa beseni lero, kaya ukuchapa nsanza za eni, kaya ukusesa pakhomo pa eni, ndikuuze zoona. Ntchito yonyozeka ija imakuika pafupi ndi zinthu zimene akuluakulu sazionanso. Yang'ana. Nunkhiza. Funsa. Sunga zimene waona, ngakhale kulemba kwako kuli kokhota. Ndipo ukadziwa chinthu, usadikire miyezi itatu ngati Zuleika, nena lero, mwaulemu, umboni uli m'manja.

Sukulu inakuthawa, koma maso, mphuno ndi mutu unapita nazo kwanu. Mtima usautaye, mayi mnzanga. Dzaza chitini chako, ndipo tsiku limene adzakulozetse chogwirira cha sipanala, uchigwire ndi manja awiri.