Uta wa Bambo ndi Nsalu ya Chipani

Dzulo pamsika wa Mitundu ndinamva fungo la mafuta a nsatsi, mtima n'kundiwawa ngati kale.

Bambo anali tenanti pa esiteti ya fodya. Chuma chawo chinali uta umene anabwera nawo kuchokera kwawo, ndipo ankaupaka mafuta amenewo mpaka kunyezimira. Akamasula nsinga, nsonga zake zinkapindikira kutsogolo. Ine ndinkayesa kuti ndi wopunduka.

"Mphamvu yake ili pomwepo, mwanawe," ankatero. "Poukunga umalimbana nawo, sutsata kumene wapindikira."

Matipate atangoyamba, anthu a chipani china anafika bambo ali kumunda. Ankafuna uta woti bwana wawo anyamule pamsonkhano. Ndinawapatsa, ndikunyadira. Iwo anamanga nsinga motsata kupindika kuja. Bwanayo atakoka, utawo unangoti thyo! Anthu anaseka, nayenso anaseka.

Madzulo anatibwezera zidutswa ziwiri, atazikulunga m'nsalu ya chipani.

"Taonani bambo, atipatsa nsalu!" ndinatero, ndikudumphadumpha.

Bambo anangotola zidutswazo.

Nsaluyo ndinaivala mpaka kutha, nkhope ya bwanayo ikuwasekerera bambo tsiku ndi tsiku. Anamwalira osandiuzapo kuti ndiivule.