Mvula Imene Inapezera Achimwene Mkazi

Kwathu ku Milepa, chaka chimene achimwene anga a Layisoni anabwera kuchokera ku Halale, agalu anasiya kugona pakhomo. Anzawo ankabwerako ndi njinga kapena mabulangete, koma iwo anabwera ndi gitala. Ine ndinali kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, komabe ndinkadziwa kuti kumeneko sikunali kuimba ayi. Mawu awo anali ngati a mbuzi yokodwa m'chingwe, ndipo ankayamba m'mamawa ife tisanasukusule n'komwe.

Chiyembekezo chathu chinali chimodzi basi: Esinati wa ku Kadewere, amene achimwene ankamufunsira. Kwathu kuno mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi, ndiye tinkadziwa kuti akangowalola, gitalayo isamuka nawo. Tsoka lake, achimwene ndi matama awo aja anaitana mtsikanayo pamodzi ndi amalume ake kuti adzawamve akuimba ku Njuli, m'sitolo yatsopano ya a Chikopa. Amayi atamva anangokhala pansi n'kugwira mutu.

Linali Loweruka masana, nthawi ya dzinja. Sitoloyo inali yofolera ndi malata, chinthu chachilendo masiku amenewo, moti a Chikopa ankauza aliyense wolowa kuti ayambe wayang'ana kudenga. Tinapanikizana pa matumba a mchere, m'katimo mukununkha palafini, matemba ndi thukuta. Achimwene anakwera pa bokosi la sopo, mutu uli phuliphuli ndi mafuta, n'kukhosomola ngati mlaliki. Ine manyazi anandigwira, ndinangozyolika.

Atangokhudza nsambo, mvula inakhuthuka. Phokoso la pa malatapo, abale inu, munthu akanakukuwira m'khutu sukanamva kanthu. Tinkangoona pakamwa pakutseguka, mitsempha ya m'khosi itatupa, phazi likumenya bokosi. Amalume ake a Esinati, munthu wosafuna kuoneka wotsalira, anayamba kugwedeza mutu ngati akumva zakuya za ku Halale, ndipo ena onse anatengera pomwepo. Mvula inakata achimwene akuwerama pomaliza. Anthu anawomba m'manja, a Chikopa n'kumati malata ndiwo amakometsa mawu. Pobwerera amayi anandinong'oneza kuti chibadwire pemphero lawo silinayankhidwepo msanga chotero.

Ukwati unachitika titakolola, ndipo agalu anabwerera pakhomo.

Pofika m'chilimwe, kumwamba kuli mbee popanda ndi kamtambo komwe, amalume aja anatulukira kwathu, maso ali psuu. Anadandaula kuti mkamwini uja wasowetsa mtendere mudzi wonse, ngakhale nkhuku zasiya kuikira, ndiye bwanji tikamutenge. Amayi anawayalira mphasa, anawapatsa madzi akumwa, kenako anawayankha mofatsa.

"Si munamumva nokha ku Njuli? Woyamba kuwomba m'manja munali inuyo."

Masiku ano oimba amabwera ndi zokuzira mawu zoti ngakhale mvula ya matalala singazigonjetse, ndipo aliyense amamva chilichonse. Amene ndimawamvera chisoni ndi makolo awo, chifukwa ana otere adzakalamba nawo pakhomo.