A Bizwick, Dokotala Wolawa Mankhwala

Munthu amene anamwa mankhwala ambiri pa esiteti yathu sanali wodwala ayi. Anali adokotala eni ake, a Bizwick Mulipa. Ine Alesi ndinathyola tiyi kumeneko zaka khumi ndi zisanu, ndiye musanditsutse, ndinaziona ndi maso angawa.

Kwawo kunali ku Nsabwe. Za chipatala anaphunzira ku Zomba, ndipo anafika kwathu mu 1951 ali ndi mkazi wawo a Miriam, ana awiri ndi njinga yopanda mabuleki. Akuti mapepala a udokotala weniweni analibe, koma ife tikanawatcha ndani? Kachipatala kathu kanali ka chipinda chimodzi kuseri kwa fakitale, ndipo wogwiramo ntchito anali iwo okha. Kuzula mano iwo, kutsuka zilonda iwo, wolumidwa ndi njoka m'tiyi iwo. Azamba akalephera, ankaitana iwo omwewo. Dokotala wachizungu ankabwera kamodzi pamwezi, kusuzumira pakhomo ngati munthu wofuna chipewa chimene anaiwala, n'kubwerera.

Anali munthu wamfupi koma wa pakamwa. Kukalipa ndiye kunali moni wawo. "Chilonda ichi mwachisunga masabata atatu, mumati chikuberekerani ana?" Ukati uyankhe, wadziputira zina. Koma dzanja lawo linali lofewa, ndipo ankadziwa mwana aliyense wa m'malayini, m'nyumba za antchito, ndi dzina lake, chifukwa ambiri anawalandira ndi iwo pobadwa.

Tsono kwathu chakumwa chilichonse, kaya ndi thobwa, kaya mowa, kaya mankhwala a kwa asing'anga, wopereka amayamba walawa kuti wolandira amwe mtima uli m'malo. Poyamba a Bizwick anakana. Anati ku Zomba sanaphunzire zimenezo. Anthu sanakangane nawo. Ankalandira mabotolo ndi manja awiri, kuthokoza bwinobwino, n'kukawakhuthulira m'ngalande. Udzu wa m'ngalandemo unabiriwira, odwala ayi. A Bizwick atazindikira zimenezi anagula supuni yawoyawo yolawira, naimangirira ku chingwe, n'kumayenda nayo m'khosi.

Kuyambira pamenepo bambo aja anamwa kwinini, mankhwala a malungo aja, wa esiteti yonse, mpaka makutu anayamba kugontha, kukalipa n'kuwonjezeka. Nthawi zina ankayesa kuba, kungogunditsa supuni pamlomo, koma amayi a m'malayini anali ndi maso. "Pakhosi sipanayende, adokotala." Basi ankameza. Tsiku lozunza linali Lolemba, la soti, mankhwala otsuka m'mimba aja, poti anthu ankabwera atadzipweteka ndi zakudya za Lamulungu. Odwala makumi atatu, masupuni makumi atatu. Pofika masana mzere wonse unkasamukira kufupi ndi chimbudzi, adokotala akufunsa ali m'kati kuti, "Mutuwo unayamba liti?" ife tikuyankhira panja.

Za ine tsopano. Mu Febuluwale 1956, mvula ili pakati, mwana wanga Teleza, wa zaka zinayi, anadwala chibayo. Thupi moto, kupuma kwa befu, tinthiti tikungolowa m'kati. Ndinathamanga naye kuchipatala. A Bizwick anamumvetsera pachifuwa nthawi yaitali osandikalipira ngakhale pang'ono, ndipo apo mpamene ndinachita mantha enieni. Anatsekula kabokosi kokhoma, natulutsa botolo la mankhwala oyera ngati phala la mwana. Analawa, nandipatsa.

"Supuni imodzi, kanayi patsiku, masiku asanu. Muwasamale, mayi. Mlatho wakokoloka, lole ya mankhwala sibwera msanga."

Ndinawasamaladi, mmene ine ndinkadziwira kusamala. Ndikamamwetsa mwana ndinkayamba ndalawa, nanga si ndine mayi wake? Amuna anga a Elson nawonso ankalawa, poti ndi bambo wake. Masana ine ndili m'tiyi, chifukwa kapitawo sadziwa chibayo, ankamwetsa ndi amayi a khomo loyandikana, ndipo sakanapereka chinthu kwa mwana wa eni osalawa. Kenaka anafika achimwene anga a Fackson kuchokera ku Masambanjati, eni mbumba, atsibweni ake a Teleza. Iwowo kulawa kwawo sikunali kwa supuni. Ankapendeketsa botolo lenilenilo, n'kunena kuti, "Koma azungu pa zotsekemera." Botolo la masiku asanu linatha tsiku lachiwiri.

Musandiseke. Ine ndinapita nalo kuchipatala monyadira, poganiza kuti andiyamikira kuti tagwira ntchito mwachangu.

A Bizwick analiyang'ana botolo lija, nalizondotsa, osatuluka ngakhale dontho.

"Wamwa yekha mwanayo?"

Ndinayamba kutchula mayina. Nditafika pa a Fackson, adokotala anakhala pansi pa benchi ya odwala, manja kumutu.

"Ndiye kuti ndachiza layini yonse kupatula wodwalayo."

Kenaka anatsekula kabokosi kaja, natenga botolo lomaliza, limene linali ndi theka lokha, nalilowetsa m'thumba la malaya. Anandikweza panjinga paja, tinatsetsereka phiri lonse iwo akukwekwereza nsapato pansi m'malo mwa mabuleki, ine ndikupemphera.

Tinapeza Teleza atafookeratu, milomo itauma, maso osatsekula. Anthu anali atadzaza pakhomo. A Fackson anakhala pampando pafupi ndi chitseko. A Bizwick anagwada pamphasa, nathira mankhwala m'supuni yanga, nayamba kudzutsa mutu wa mwana. Supuni yawo ija inangolendewera m'khosi.

"Adokotala, mwaiwala," anatero a Fackson.

"Sindinaiwale, bambo. Ili ndi theka la botolo, ndipo lina kulibe. Ndikamalawa ine kanayi patsiku, mwanayu amwa chiyani? Kuyambira lero salawa munthu. Ngakhale ine."

"Mankhwala osalawa salowa m'kamwa mwa mwana wa mlongo wanga."

"Ndiye musankhe nokha. Alowe mwa inu kapena mwa iye."

"Nanga akamwa n'kutisiya?"

"Nyumba yanga mukuidziwa. Ili kuseri kwa chipatala."

Tonse m'nyumbamo tinamva zimene ananena. Masiku amenewo munthu woganiziridwa kuti wapha mwana ndi mankhwala sankazengedwa mlandu wautali, nyumba yake inkangoyaka. A Elson anazyolika, kuyang'ana zala zawo za kumapazi. Amuna anga anali munthu wabwino, koma pamaso pa alamu awo analibe pakamwa.

Ine mtima unagawika. Kuchita kunyoza achimwene pamaso pa anthu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire? Kumwetsa mwana wanga chinthu chosalawa ngati ndikumwetsa galu? Ndinakwiya ndi a Bizwick, ndinakwiya ndi a Fackson, ndinakwiyanso ndi ine mwini chifukwa cha masupuni amene ndinamudyera mwana wanga. Kenaka Teleza anakoka mpweya, phokoso lake ngati munthu akung'amba nsalu yakale. Ndinalanda supuni ija m'manja mwa adokotala. Mwachizolowezi dzanja linayamba kulunjika pakamwa panga. A Bizwick anatsokomola. Ndinalibweza, n'kumwetsa mwana.

A Fackson anaimirira, natuluka. Sanapite kwawo. Anakhala pakhonde, osalankhula nane, osalandira ngakhale madzi ochokera m'manja mwanga.

Botolo silinagonenso kwathu. A Bizwick anati sakhulupirira aliyense wa ife, ndipo sanalakwe. Ankabwera nalo okha kanayi patsiku, m'mvula, m'matope, atasiya odwala pamzere, n'kubwerera nalo m'thumba. Akamadutsa pakhonde ankapereka moni kwa a Fackson, a Fackson n'kumayang'ana kumbali. Tsiku loyamba panalibe kusintha. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu amayi ena a m'layini anayamba kubwera ndi nkhuni, kuziunjika kuseri kwa nyumba mwakachetechete, nkhuni za pamaliro. Ndinaziona, koma ndinalibe mphamvu zowathamangitsira.

M'mawa wa tsiku lachinayi Teleza anatuluka thukuta mpaka mphasa kunyowa. Dzuwa litakwera pang'ono anatsekula maso. A Fackson anali atasuzumira pakhomo, nthochi yosenda ili m'manja. Mwana anatambasula dzanja, n'kuitsomphola, n'kuyamba kudya osapempha, osathokoza.

"Mwana wopanda mwambo uyu," anatero a Fackson, misozi ikutsika mpaka m'ndevu. "Watengera kwa bambo ake."

A Bizwick atafika anamumvetsera pachifuwa, nathira madontho omaliza m'supuni, namumwetsa. Atatero anatembenukira kwa ine. "Utsi wonsewu m'nyumba muli wodwala, mukufuna kumuwamba ngati mbewa? Tsekulani zenera." Sindinakondwerepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo.

Anakhala nafe mpaka 1963, pamene anapuma ntchito n'kubwerera ku Nsabwe. Kulawa sanasiye, musaganize kuti esiteti inasintha chifukwa cha Teleza. Soti wa Lolemba anamwabe mpaka tsiku lomaliza. Koma akanena kuti botolo ili ndi la mwana, silinkakhudzidwanso, ndipo woyang'anira lamulolo m'mbumba yathu anali a Fackson, amene ankauza aliyense kuti nzeruyo inali yawo.

Lamulungu la sabata imene Teleza anachira, ndinasenza mkoko wa nthochi kupita nawo kunyumba kwa adokotala. Ndinaodira, anandiyankha okha. M'nyumba munali mbee. Mphasa zokulunga, mapoto ndi mbale zili m'thumba, mabuku awo a chipatala atamangidwa ndi luzi pafupi ndi chitseko. A Bizwick anali atagwada pansi akulimbana ndi mfundo.

"Kodi mukusamuka, adokotala?"

"Ayi, ndikumasula."

"Nanga a Miriam ndi ana ali kuti?"

"Ku Nsabwe. Ndinawatumiza tsiku lomwe lija ndinakana kulawa. Abwera mawa."

Ndinatula nthochi zija pansi.

"Koma inu mumadziwa kuti achira. Munalankhula molimba mtima pamaso pa anthu onse."

Anasiya mfundo ija, nandiyang'ana.

"Ndikanadziwa bwanji, mayi? Chibayo chotero ndinali ndisanachichizepo ndi theka la botolo. Ndimangodziwa kuti ndikalawa, afa."