Manja a Sitefano

Limba la aphunzitsi a Mbewe linkayamba lapuma lisanaimbe. Akaponda zopondera zake, mkati mwake munkamveka fuu, fuu, ngati ng'ombe yotopa ndi goli, kenaka mawu n'kutuluka. Mvukuto wake unali wobooka penapake, ndipo ankaumata ndi labala wa chubu cha njinga. Mwezi wathawu nditamva kuti atisiya, kupuma kwa limba kumeneko ndiko kunayamba kundibwerera m'makutu.

Anali mphunzitsi wa nyimbo pa pulayimale yathu, kufupi ndi Ludzi, koma ntchito yawo sinkathera pasukulu. Pamaliro ndiwo ankayambitsa nyimbo, ndi mawu okhuthala amene ankamveka mpaka kuseri kwa zigafa za fodya. Loweruka ankapalasa njinga kupita ku boma kukalemba zikwangwani za magolosale ndi kujambula mitu ya anthu pa makoma a ometa tsitsi. Akadutsa ankasiya fungo la palafini ndi choko. Ine ndinkakhala ndi agogo chimwalirireni makolo anga, ndipo mumtima ndinali nditawasankha aphunzitsiwo kuti akhale bambo anga, eni ake osadziwa.

M'kwaya ndinkaima mzere wakumbuyo chifukwa mawu anga ankathera pakhosi. Koma m'nyengo yozizira ya chaka china, atayamba kujambula khoma la tchalitchi chathu chaching'ono, anandipatsa ntchito yokonza utoto. Ndinkakumba katondo kuseri kwa sukulu n'kumusefa, ndinkasinja makala, ndinkasungunula laimu m'zitini mpaka zala kusuwa. Wabuluu wokha ndiwo anachita kugula ku Chipata. Ankajambula Yesu akudyetsa khamu la anthu, ndipo pakati pa khomalo anasiya malo a mnyamata uja wa mikate ndi nsomba. Sindinakayike kuti malowo ndi anga.

Anapatsa Sitefano. Makolo ake anali matenanti pa esiteti ya fodya, ochokera ku Phalombe, ndipo anafika kwathu mvula itangoyamba. Anzathu ankamuseka kalankhulidwe, koma akayamba kuimba, amayi ochokera ku mjigo ankaima panjira ndowa zili pamutu. Aphunzitsi anali atamuika kale kutsogolo, pambali pa limba, ndipo zimenezo ndinapirira. Za pakhomazi n'zimene zinandilowa ngati munga. Masana aliwonse tikaweruka ankamukhazika pa bokosi, atanyamula dengu, zitsononkho zili m'dengumo m'malo mwa nsomba.

M'tchalitchimo munkazizira. Mphepo inkalowa pamazenera opanda magalasi itanyamula fumbi ndi fungo la fodya wouma. Sitefano akayamba kunjenjemera, aphunzitsi ankavula jekete lawo n'kumufunditsa. Akabwera ndi mbatata yootcha ankatigawira tonse, koma ine ndinkayeza ndi maso kuti chachikulu chapita kwa yani. Ankamufunsa za mapiri a kwawo, ankamuyimbitsa nyimbo za Chilomwe n'kumazitsatira chapansipansi, dzanja likugwira ntchito. Kwa ine mawu anali ochepa: "Pilirani, wonjezera madzi. Pilirani, wofiira watha."

Ndiye ndinkakhala pasimenti, kumatakasa utoto, maso ali pa iye. Ndinkafunafuna chilema choti aphunzitsi achione n'kusintha maganizo. Popita kunyumba ndinkamujambula pamchenga ndi kamtengo, pakamwa pakepo ndikukulitsa ngati pa chule, n'kufufuta ndi phazi ndikamva njinga ikubwera.

Tsiku lina ndinadandaulira agogo akuswa mtedza pakhonde. "Akujambula mwana wobwera, ine ayi."

"Ndiye ukufuna ndikawaimbe mlandu?" anatero osadzutsa mutu. "Khala pansi apa, mtedzawu sudziswa wokha."

Panali chinthu china chimene chinkandipweteka kwambiri. Pa anthu ena onse a pakhomapo aphunzitsi ankayamba ndi zovala, nkhope n'kumalizira. Pa Sitefano anayamba ndi nkhope, ndipo anaigwira mothamanga, mpaka kusiya maulendo awo a Loweruka. Ndinkati chikondi ndicho chawasokoneza kagwiridwe ka ntchito.

Kenaka m'mawa wina Sitefano sanabwere kusukulu. Anzathu a ku esiteti anati fodya watha kugulitsidwa, ndipo lole yatenga matenanti ndi mphasa zawo ndi mapoto awo. Ndinakondwera. Titaweruka ndinathamangira kunyumba, ndinasukusula, ndinadzola mafuta a agogo mpaka mphumi kung'anima. Ndinafika kutchalitchi aphunzitsi asanafike, ndinakwera pa bokosi lija n'kunyamula dengu, msana nditawongola.

Atalowa anandiyang'ana, kenaka anayang'ana khoma. Nkhope ya Sitefano inali yomalizidwa, maso ake owala aja, mlomo uli ngati akufuna kuyambitsa nyimbo. Malaya analinso omalizidwa. Manja okha ndiwo anali adakali mizere ya makala. Aphunzitsi anaima nthawi yaitali akusisita chibwano, ine mkono ukuwawa ndi dengu.

"Chala chake chopindika chija," anatero ngati akudzifunsa okha, "chinali cha dzanja liti?"

"Lamanzere," ndinayankha ndisanaganize. "Chaching'ono. Ndipo zikhadabo zake zinali zakuda ndi phula la fodya. Dengu ankaligwira chapansi, chala chachikulu chili kunja."

Anatembenuka. "Tsika apo."

Ndinatsika misozi ili m'maso, ndikudziwa kuti ngakhale mnzangayo wapita, malowo sadzakhala anga. Sindinkadziwa zimene iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi, kuti ana a matenanti amabwera ndi mvula n'kuchoka ndi mphepo, osasiya chilichonse chosonyeza kuti anakhalapo pakati pathu. Anathamangira nkhope chifukwa lole inali m'njira. Ine sindinkapita kulikonse, ndipo anali atandiona pamchenga paja kangapo konse. Nsanje imene ndinkayesa kuti ndaibisa anaiona ngati maso ophunzira kuyang'ana. Lero ndine wojambula ndipo ana anga amadya za utoto, koma tsikulo ndinkangoona kuti andichotsa pa bokosi.

Anasakaniza katondo ndi makala pang'ono m'chitini, anayesa pachikhatho chawo, n'kukankhira bokosi lija kukhoma ndi phazi.

"Ine ndinkayang'ana nkhope. Manjawo ukuwadziwa ndiwe."

"Aphunzitsi, ndiwononga."

"Ukawononga tipaka laimu, uyambirenso mawa. Kwaya ikundidikira."

Anandiika burashi yawo yaing'ono m'dzanja, n'kutuluka.