Malaya ofiira a bambo aakulu anakana kusuluka

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza bambo anga aakulu, a Zakariya, ku parishi yathu kuseri kwa mapiri a Mphunzi. Iwowa ndi mkulu wawo wa malemu bambo anga, ndipo masiku ano mawondo sawalola kuyenda okha pamtsetse. Tinanyamuka nkhungu isanachoke m'minda ya kachewere. Anavala jekete lawo la kutchalitchi ngakhale kunalibe Misa.

Chotiyendetsa chinali chithunzi.

Wansembe wina wa ku Ulaya, amene anakalambira kwathu kuno, ankakonda kujambula. Atamwalira, m'kabati yake munapezeka makatoni a masilaidi. Achinyamata musachite manyazi kufunsa. Silaidi ndi kachithunzi ka filimu kochepa ngati bokosi la machesi, kotsekeredwa m'kafelemu ka katoni. Ukakapenyetsa ku dzuwa umaona anthu ang'onoang'ono ngati nyerere. Tsopano parishi inalandira kompyuta ndi kamakina kolowetsera masilaidiwo m'kompyutamo, ndipo mayi Tereza, mlembi wa mu ofesi, ndiwo anakaphunzira ntchitoyi ku Lilongwe.

Vuto n'lakuti zithunzizo zinasuluka. Zakhala zaka zambiri m'kabati, ndipo chinyontho cha ku Dedza kuno sichinyengerera kanthu. Kubiriwira kunathawa, buluu anathawa, kunatsala kufiira kokhakokha. Chimanga chofiira, thambo lofiira, mbuzi nazo zofiira, ngati dziko lonse analizira ndi katondo.

Mayi Tereza amatha kubweza mitunduyo, koma kompyuta kunalibe kumeneko tsiku lojambulalo. N'chifukwa chake analengeza m'tchalitchi kuti akuluakulu azibwera kudzawathandiza. Ndipo anatumiza uthenga wapadera kwa bambo aakulu kuti pa silaidi ina pali akazi awo, a Nabanda, amene anatisiya kalekale. M'nyumba monse mulibe chithunzi chawo n'chimodzi chomwe. Adzukulu amangomva kuti agogo awo anali ndi mpata kumano.

Mu ofesimo tinapezamo mayi wina wachikulire, a Nangozo, atakhala pabenchi kudikira nthawi yawo. Tinapatsana moni. Ndinaona kuti kwa bambo aakulu moniwo anayankha mwachidule, koma sindinaganizepo kanthu.

Chithunzi chinatuluka pagalasi la kompyuta. Linali tsiku lotuta njerwa zomangira tchalitchi. Pakati penipeni a Nabanda, njerwa zinayi pamutu, akuseka, mpata uja uli poyera. Pambali pawo bambo aakulu, mnyamata wa tsitsi lakuda bii, manja m'chiuno.

Mkuluyo anavula chipewa.

“Agogo,” anatero mayi Tereza, “mundiuze chinthu chimodzi pachithunzipa chimene mukudziwa bwino kuti chinali choyera. Makinawa akadziwa choyera, zinazo amazitsatira.”

“Duku lawolo,” anatero mosakayika. “Linali loyera mbee. Ndinakagula ndekha ku boma, wapansi kupita ndi kubwera.”

Mayi Tereza analoza kamuvi padukupo n'kudina. Abale, ndinachita kudzuka pampando. Thambo linabwerera mwakale, mitengo ya paini kumbuyoko inabiriwira, khungu la a Nabanda linakhala khungu la munthu wamoyo. Kufiira konse kunachoka ngati akutsuka.

Kupatula pamalo amodzi. Malaya a bambo aakulu anatsala ofiira piriwiri.

Inu amene munaona masiku a chipani chimodzi mwamva kale. Malaya amenewo ankavala anyamata aja ankaima pachipata cha msika ndi pokwerera basi, kufunsa khadi la chipani. Wopanda khadi ankabwerera. Ine ndinkadziwa kuti bambo aakulu anavalapo malayawo. Pabanja pathu tonse timadziwa. Koma chibwerereni zipani zambiri, nkhaniyi sitiitchula, monga mmene sitilozera manda ndi chala.

Mu ofesi muja mkuluyo anatsokomola.

“Mwana wanga,” anatero ndi mawu otsika, “makina anuwa angathe kuwachita malayawa kuti akhale akhaki?”

“Angathe, agogo. Si ntchito yaikulu.” Mayi Tereza anaimika dzanja patebulo. “Koma ine anandituma kubweza zimene zinasuluka. Malayawa sanasuluke.”

“N'cha adzukulu chithunzichi. Ndimafuna aone agogo awo aakazi, osati zinazi.”

Apa ndi pamene a Nangozo anayankhula ali pabenchi pomwepo, osakweza mawu.

“Asiyeni malayawo, a Tereza. Ine ndimawadziwa. A Zakariya, munandibweza pachipata cha msika ndili ndi dengu la kachewere pamutu, mwana wodwala kumbuyo. Ndinkafuna ndigulitse kuti ndipite naye kuchipatala. Ndinakugwadirani pafumbi.”

Ndinayang'ana pansi. Ndinkayembekeza kuti bambo aakulu akana, kapena anena zija timanena tonse, zoti inali nthawi yake.

“Ndikukumbuka, mayi,” anatero. “Kunali mvula yowaza. Mwanayo munamufunditsa thumba.”

A Nangozo anawayang'ana nthawi yaitali. “Sindinkadziwa kuti mumakumbuka.”

Mwanayo anachira, ndinamva pambuyo pake, ndipo pano ndi bambo wa ana ake. Koma mlandu suola. Mayiyo anausunga zaka zonsezi, akukhala tchalitchi chimodzi ndi munthu amene anawabweza, akulandira Ukaristia pamzere umodzi.

Ndakhala ndikuiganiza nkhaniyi sabata yonse.

Mwaona inu kuti masiku ano aliyense anali wozunzidwa? Pamaliro, m'minibasi, pamowa, aliyense ali ndi nkhani ya mmene anavutikira. Ndipo ambiri sanama, anavutikadi. Koma nanga ofunsa makhadi aja anapita kuti? Anakwera kumwamba? Anali alendo ochokera kutsidya kwa malire? Ayi. Ndi amalume athu, alamu athu, ena ndi akuluampingo lero. Tinangowasinthira malaya mwakachetechete, tonse n'kugwirizana kuti anali akhaki.

Ine ndemwe ndisadzipatule. Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi. Ndinkandandalika ana m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osadya kanthu, kuti akaombe m'manja galimoto za akuluakulu zikamadutsa. Mwana akakomoka tinkamukokera pamthunzi, mzere n'kutsekeka. Malaya ofiira sindinavale, koma ndodo inali m'manja mwanga. Mwayi wanga ndi wakuti wansembe uja sanandijambule.

N'chifukwa chake pempho la bambo aakulu sindikuliseka. Ndikulimva kuwawa kwake. Anali mnyamata wosapita patali ndi sukulu, wocheka matabwa m'phiri la Dedza, amene palibe ankamuyang'ana kawiri. Tsiku lina anamupatsa malaya, ndipo anthu anayamba kumupatukira panjira. Ndi angati mwa ife akanakana? Komanso kukana kunali ndi mtengo wake, ndipo tonse tikuudziwa. Zimenezi sizichotsa dengu lija pamutu pa a Nangozo. Zimangotikumbutsa kuti amene anawabweza sanali chilombo, anali mnyamata wa m'mudzi mwathu momwemuno.

Chimene ndikuopa n'chakuti makinawa afika nthawi imene mitima yathu ikufuna kuiwala. Kale chithunzi chinali mboni yosalandira chiphuphu. Lero munthu wodziwa kompyuta akhoza kukuvula malaya, kukuchotsa pagulu, kukuimika pafupi ndi munthu amene sunamuonepo. Zisankho zikuyandikiranso, ndipo ambiri adzafuna mbiri yochapa ndi kusita. Pamene mayi Tereza anaimika dzanja, ena sadzaimika.

Komabe mayi Tereza si mwala. Ataona mkuluyo ali chiweramire, anati, “Agogo, pali njira ina. Ndikhoza kudula chithunzichi, ndikusindikizireni a Nabanda okha. Limenelo si bodza.”

Ndinaona ngati ndi nzeru yabwino, ndipo ndinatsala pang'ono kuwavomerera. Koma bambo aakulu anapukusa mutu.

“Ayi, mundipatse chonse. A Nabanda ankadana nawo malayawa. Ankawachapa paokha, pamwala wina, osawasakaniza ndi zovala za ana. Koma ine sanandisiye. Ndikadula malayawa pamenepa ndiye kuti ndawanamizira.” Anavala chipewa, n'kuvulanso. “Adzukulu akafunsa ndidzawauza ndekha.”

Musaganize kuti panachitika zodabwitsa. Bambo aakulu sanagwade kupepesa, ndipo a Nangozo sananene kuti akhululuka. Mwina zidzachitika, mwina ayi. Zimenezo n'zawo awiri.

Koma pamene mayi Tereza ankati asindikize, a Nangozo anadzuka pabenchi, n'kufika pafupi ndi galasi, maso ali tsinzinitsinzini.

“Dikirani kaye. Chitenje cha a Nabandacho sichinali chotuwa chonchi. Chinali chobiriwira kwambiri, ngati masamba a mpiru. Tinagula tsiku limodzi, sitolo imodzi. Onjezerani.”

Mayi Tereza anaonjezera pang'ono.

“Pang'ononso. Eya, pamenepo. Ndi iwowo a Nabanda.”

Bambo aakulu anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. “Zikomo, mayi,” anatero. A Nangozo anangogwedeza mutu n'kubwerera pabenchi pawo.

Ndinaphunzirapo kuti chithunzicho sichikanakhala choona popanda onse awiri. Duku analidziwa ndi mwamuna amene analigula. Chitenje anachidziwa ndi mayi amene mwamunayo anamulakwira. Mbiri ya dziko lathu ilinso chimodzimodzi, koma mpaka pano tikuifotokoza aliyense pakhonde pake, olakwiridwa kwaokha, olakwa ali chete.

Makatoni aja akadali ambiri, ndipo mayi Tereza akuti atha miyezi asanawamalize. Ambiri a ife tilimo. Tsiku limene adzakuitanani, inu owerenga, n'kukuonetsani mmene munalili masiku amenewo, mudzawapempha kuti abweze mtundu wake, kapena kuti ausinthe?