Tsiku limene ndinakwera bulu ku Chinsapo

Chaka chimenecho akuluakulu a mpingo wathu ku Chinsapo anagwirizana kuti pa Lamulungu la Kanjedza tisangoyenda ndi masamba m'manja monga mwa nthawi zonse, koma pakhale bulu weniweni ndi munthu woimira Ambuye Yesu. Anasankha ine. Sikuti ndinali woyera mtima kuposa anzanga ayi. Ndinali wowonda, ndinkasunga ndevu, ndipo ntchito yanga ya utelala pakhonde la golosale inkandilola kuchokapo pakati pa sabata. Choncho ntchito yofuna buluyo anandisenzetsanso ine.

Ndinam'peza kwa bambo wina wa ngolo amene ankagulitsa mchenga. Bamboyo anayamba waseka.

"Achimwene, bulu uyu amadziwa kukoka ngolo basi, sanaberekepo munthu. Akakugwetsani musadzandinene."

Anandigwetsadi pophunzira, mpaka ndinasupuka chigongono. Koma sindinafooke. Pa nthawiyo ndinkaphunzitsa kalasi ya ofuna ubatizo, ndipo ndinkakonda kuwauza kuti Mfumu yathu inalowa mumzinda popanda msilikali, itakwera chiweto chobwereka. Ndinkafuna anthu aone zimenezo ndi maso awo pamsewu wathu wafumbi womwewo.

Chinali chaka cha chisankho. Loweruka masana abusa anandiitana kunyumba kwawo.

"Mawa tili ndi mlendo," anatero. "Bwana wina wa malole, amene akufuna uphungu kuno. Walonjeza malata a tchalitchi."

"Abusa, mlendoyo adzayenda pansi ngati ife?"

"Adzayenda, adzayenda. Inu musadandaule."

M'mawa mwake tinasonkhana pabwalo la sukulu. Ndinavala mkanjo woyera umene ndinasoka ndi nsalu yofunda ya kunyumba, n'kukwera bulu. Amayi anayala zitenje zawo pamsewu kuti ndidutsepo. Kenako abusa anati tidikire mlendo. Dzuwa linakwera, masamba a kanjedza anayamba kufota, kwaya inatha nyimbo zonse n'kuyambiranso. Msana wa bulu si mpando, abale. Miyendo yanga inachita dzanzi, koma ndinkaopa kuti ndikatsika sandilolanso kukwera.

Chakumasana inatulukira galimoto yakuda magalasi, pambuyo pake pikapu yodzaza anyamata. Bwana sanatsike. Anangotsitsa galasi n'kutulutsa dzanja, anyamata aja n'kuyamba kuponya zitenje zatsopano za nkhope yake. Anthu anakhamukira komweko. Galimoto inayenda pang'onopang'ono, n'kuponda zitenje zija anayalira bulu. Nyimbo sinaleke. Anthu ankaimbabe Hosana akugwedeza kanjedza, koma onse atandipatsa nkhongo. Ndinali nditaphunzitsa ndekha kuti liwu limenelo ndi kulira kwakuti tipulumutseni. Ndipo ndinamva mayi wina, woyandikana nafe nyumba, akufuula m'Chichewa chenicheni pawindo la galimoto: "Tipulumutseni, bwana! Madzi kuno kulibe!"

Abusa anandiyang'ana kamodzi, n'kukodola kuti ndizitsatira, iwo n'kuthamangira kutsogolo.

Pabwalopo tinatsala anthu anayi: ine, mwini bulu, ndi agogo ena osaona amene anagwiridwa dzanja ndi akazi awo.

"Kodi tanyamuka?" anafunsa agogowo.

"Tanyamuka, agogo," ndinayankha mwaukali.

Tinayenda choncho. Agogo aakazi ankaimba okha ndi mawu osasa. Pangalande ya pafupi ndi msika bulu anakana kuwoloka, mwini wake n'kuchita kum'kankha kumbuyo. Amuna amene ankamwa chibuku pamthunzi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Yesu, mwatsala nokha? Anthu anu apita ndi bwana!"

Ndinafuna kutsika kuti ndiwayankhe, koma ndinakumbukira chimene ndavala.

Titafika kutchalitchi tinapeza bwana atakhala kutsogolo, pampando wa abusa. Mkulu wa mpingo amene anali pakhomo ananditchinga ndi dzanja.

"Abambo, dikirani kaye panja abwana amalize kulankhula. Ndipo buluyu mum'chotse apa, angaipitse pafupi ndi galimoto."

Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mkanjo wanga. Mawu a pachimkuzamawu ankamveka bwinobwino. Bwana anati wabwera kudzatipulumutsa ku umphawi ndi kutiikira mpopi wa madzi, amayi n'kululutira. Pomwe ankandiitana kuti ndilowe, nthawi ya ulaliki inali itatha, ndipo mwini bulu anali atapita kale.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga akupinda chitenje chatsopano chija pamphasa.

"Mayi, inunso?" ndinafunsa.

"Inenso, bambo. Nanga ndikanasiyira ndani?"

"Munasiya Mfumu pamsewu chifukwa cha nsalu!"

"Ndinasiya amuna anga ali pa bulu," anayankha osakweza mawu. "Mfumu ndimaidziwa. Ndinabatizidwa inu musanandifunsire."

Ndinayamba kum'lalikira kuti chipulumutso ndi kumasulidwa ku uchimo, kuti a ku Yerusalemu nawonso ankafuna mfumu yowachotsera mavuto a tsiku limenelo, ndipo ataona kuti si choncho anaitembenukira. Anandilola ndimalize.

"Mwezi watha mwana wathu uja anatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha madzi a pachitsime," anatero. "Ndine ndinam'bereka kumbuyo kupita naye kuchipatala. Ndiye munthu akanena za mpopi, mukufuna nditseke makutu? Yesu amene mukunenayo ankachiritsa odwala, ankadyetsa anjala. Sankangodutsa pa bulu."

Mawu amenewo anandikwiyitsa kwambiri. Ndinkadziwa kuti bwana uja si mpulumutsi. Ndinkadziwanso kuti mkazi wanga sakunama. Ndinatuluka osadya, n'kukazungulira kumsika mpaka mtima unatsikako.

Pamsonkhano wa akuluakulu a mpingo ndinadandaula. Ndinati tinachititsa manyazi tsiku la Ambuye, ndipo ana a m'kalasi yanga akundifunsa kuti mfumu inali iti pa awiri aja. Ena anaseka. Abusa anandiyankha mofatsa.

"Abambo, mawu anu ndi oona. Koma mvula ikamagwa anthu amapemphera atafunda mapepala apulasitiki. Ine ndiwauze chiyani?"

"Muwauze zoona, abusa."

"Zoona ndimawauza sabata ndi sabata. Malata sindingawalalikire."

Malata anabwera okwana mbali imodzi yokha ya denga. Bwana uja analephera chisankho, ndipo sitinamuonenso ku Chinsapo. Anyamata ake ankatinyoza tikamadutsa, amvekere mpingo wa akuba, unadya za bwana koma osam'votera. Mpopi sunabwere. Amayi anapitiriza kulawirira kuchitsime.

Ndinkaganiza kuti taphunzirapo kanthu. Koma patangopita miyezi yochepa, pamsonkhano wina, mkulu wa mpingo anaimirira n'kunena kuti zingakhale bwino titaitana phungu amene anapambana kuti adzakhale mlendo wolemekezeka pa tsiku la zokolola, ndipo tim'gulire mpando wabwinoko. Onse anavomera. Anandifunsa maganizo anga. Ndinayang'ana abusa, iwo n'kuyang'ana pansi. Ndinatenga chipewa changa n'kutuluka, msonkhano uli m'kati.