Bester ndi fataki za a Lughano

Anthu a mpingo wathu kuno ku Middlesbrough sakumupatsanso moni Bester Mwenifumbo, ndipo ine zikundinyansa. Ndilemba zimene ndinaona ndi maso anga.

Bester anakulira ku Chitipa. Bambo ake ankakonza mfuti za gogodela, ndiye kuyambira ali mwana ankaona alenje akubwera ndi mfuti zong'ambika, ena zala zitaduka. Kuno anafika ali ndi zaka makumi anayi. Anadikira mapepala zaka zisanu ndi chimodzi, osaloledwa kugwira ntchito. Mapepala atatuluka, anapeza ntchito yosesa ndi kupachika zikwangwani zowomberapo pa kalabu ina ya mfuti kunja kwa tauni. Amene anamulankhulira ndi a Lughano, mkulu wa mpingo, dokotala wa mano, amenenso ndi membala wa kalabuyo. Bester amawatcha bambo.

A Lughano ali ndi mfuti yam'manja yachikale, ya mabowo asanu ndi limodzi. Bowo lililonse amathiramo wonga ndi chipolopolo, kumbuyo kwake n'kuvekako fataki, kachisoti kakang'ono kamkuwa kamene kamayatsa moto. Fataki iyenera kugwira zolimba. Ikakhwepa, moto umadumphira m'mabowo enawo, onse n'kuphulika pamodzi m'dzanja la munthu.

Loweruka lina masana a Lughano anatitenga amuna atatu a mpingo kuti tikaone mmene amawombera. Ife tinaima kumbuyo kwa mzere umene oonerera saloledwa kudutsa. A Lughano akuveka fataki, Bester anayandikira ndi tsache lake, n'kuwerama.

"Bambo, fataki za lerozi zikukhala ngati zasiyana ndi za masiku onse."

"Zinazo zinatha, ndagula zokulirapo pang'ono. Same thing."

"Kapena mukanayamba mwawaonetsa a David," anatero Bester. A David ndi mzungu woyang'anira malo owomberawo.

"Iwe Bester, digiri ya mfuti unaitenga kuti? Kasese uko, mphwanga."

Anzanga anaseka. Inenso ndinaseka, sindibisa.

A Lughano atakweza mfuti, fataki imodzi inagwera patebulo. Iwo sanaione. Bester anataya tsache, anadumpha mzere, n'kuwagwira mkono ndi manja awiri, kuutsitsira patebulo. Sanatulutse mawu. Amene anakuwa ndi a David, nkhope itafiira.

A David atayang'ana mfutiyo anapeza kuti fataki ziwiri palibe, zina zikuzungulira ndi chala. Ananena pamaso pathu kuti dzanja lija likanaphulika. Koma lamulo la pamenepo ndi lakuti munthu wonyamula mfuti yodzaza sumukhudza. Ukaona ngozi umakuwa kuti "Stop!" basi, ndipo aliyense ali ndi ufulu wokuwa, ngakhale wosesa. Akomiti a kalabuyo anati aganizira ngati Bester akhalebe pantchito.

M'basi pobwerera ndinamufunsa, "Aphwanga, bwanji simunangokuwa?"

"Achimwene, ine ndikuwire bambo pagulu? Ngati mwana wawo? Pakamwa panakana."

Mwamva? Ulemu umenewu tinamuphunzitsa ndife. Munthu anaona kuti n'kwapafupi kugwira mfuti yodzaza kusiyana ndi kukweza mawu kwa wamkulu. Ndiye ife tomwe tinatembenuka n'kumati wachita mwano, wawachititsa manyazi a Lughano pamaso pa azungu.

A David anati membala amene anagwidwayo akalemba kalata yomuikira Bester kumbuyo, komiti imvera. Ndinapita ndekha kunyumba kwa a Lughano kukapempha. Anandipatsa tiyi, n'kundiuza kuti nkhaniyi aipempherera. Ndinati kalata siifuna pemphero, imafuna bolopeni. Anayamba kufunsa za ana anga.

Kalatayo sinalembedwe. Patapita milungu itatu Bester anachotsedwa ntchito. Pano amatsuka magalimoto panja, m'chisanu chonsechi, munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri.

Pa msonkhano wa amuna ndinaimirira n'kufunsa kuti a Lughano akanazula mano ndi chiyani dzanja lija likanapita. Wapampando anati, "Akulu, khalani pansi, nkhani imeneyi si ya pa ajenda." Sindinakhale. Ndinatenga chipewa changa n'kupita kukamupeza Bester kumene amatsuka magalimotoko.